Za Akafadala Osaka Pansi ndi Malo Awo ku Mangochi

Mvula yoyamba ikagwa m'boma la Mangochi, nthaka imene inakhala youma gwaa kwa miyezi yambiri imayamba kutulutsa tizilombo tosawerengeka. Ngumbi zimauluka, abongololo amadzaza m'njira, nkhululu zimalira madzulo, ndipo pakati pa zonsezi pamaoneka akafadala ena a miyendo yaitali amene amathamanga msanga ndi kulowa pansi pa mwala kapena pansi pa chikuni munthu asanawaonetsetse. Anthu ambiri amayesa kuti tizilombo totere timangopezeka paliponse, monga mankhusu amene amagwera kulikonse kumene mphepo yawataya. Koma sizili tero ayi. Mtundu uliwonse uli ndi malo ake. Wa pamchenga wa m'mbali mwa nyanja sapezeka pamwamba pa phiri, ndipo wa m'nkhalango ya miombo sakhala m'bango. Nkhani ino ilongosola malo amenewo, zifukwa zake, ndi zimene zimagwera tizilomboti pamene malo awo asinthidwa ndi moto kapena nkhwangwa.

DZINA LAWO NDI MAONEKEDWE AWO

Dzina lakuti kafadala lichokera ku mawu akuti kufa dala, pakuti alipo ambiri a iwo amene akagwidwa amapinda miyendo nakhala chete monga akufa, kufikira mdani atachoka. Koma m'kalankhulidwe ka masiku onse dzinali limapatsidwa kwa tizilombo tambiri ta msana wolimba, ngakhale timene sititsata mwambo umenewo. Akafadala a m'nkhani ino ndiwo a mbali yachiwiriyi. Akaopsedwa, ambiri amathawa, ena amaluma, ndipo ena amawaza mdani ndi madzi onunkha kapena owawa ochokera kumapeto kwa mimba yawo. Muno atchedwa akafadala osaka pansi, popeza ntchito yawo yaikulu ndiyo kusaka tizilombo tinzawo pamwamba pa nthaka, makamaka usiku.

Akatswiri a tizilombo amasanja zamoyo motere: pali gulu lalikulu, m'kati mwa gululo muli mafuko, ndipo fuko lililonse lili ndi mitundu yake. Gulu la akafadala awa amalitcha Carabidae, dzina limene linakhazikitsidwa mu 1802 ndi Pierre André Latreille wa ku France, ndipo mitundu yake yolembedwa m'mabuku ikuposa 40,000 padziko lonse. Pa akafadala a mu Africa anagwirapo ntchito yaikulu Louis Péringuey ku Cape Town, ndi Pierre Basilewsky ku Tervuren m'dziko la Belgium, amene anamwalira mu 1993. Maina achilatini amene atchulidwe muno ndi a mafuko, chifukwa fuko ndilo limene mwana wa sukulu angathe kulizindikira ndi maso okha.

Kafadala wosaka pansi savuta kumudziwa. Ali ndi miyendo 6, yaitali ndi yopyapyala, yoyenera liwiro. Mutu wake uloza kutsogolo, ndipo uli ndi mano awiri opindika monga zikwakwa, ndi tinyanga tiwiri tonga ulusi. Msana wake ndi mapiko awiri olimba amene kawirikawiri amakhala ndi mizere yotsika nawo monga mizere ya m'munda. Mapiko olimbawo sauluka nawo ayi, ntchito yake ndi kuteteza thupi. Mapiko oulukira ndi ena opyapyala amene amapindidwa pansi pa olimbawo, ndipo si onse amene ali nawo.

Moyo wake umayamba ndi dzira loikidwa m'dothi. M'dziramo mumatuluka mphutsi ya miyendo 6, nayonso yolusa, imene imadya ndi kufundula kangapo, kenaka imagona m'kadzenje osayenda kufikira itasanduka kafadala. Khungu la mphutsi ndi lofewa, ndipo dothi likauma kapena likadzaza madzi imafa msanga. Chotero malo a mtundu uliwonse salamulidwa ndi wamkulu yekha, amene angayende ponseponse, koma makamaka ndi mwana wake amene sangathe kuthawa.

ZINTHU ZIMENE ZIMAGAWA MALO

Zinthu zinayi ndizo zimalamula kumene mtundu uliwonse ungakhale. Choyamba ndi chinyezi cha nthaka, chimene mazira ndi mphutsi zimadalira. Chachiwiri ndi chophimba nthaka, ndiye kuti mthunzi wa mitengo, masamba akugwa, zikuni zowola ndi miyala, pakuti dzuwa la m'chigwa cha nyanja limapha kachilombo kosowa pobisala. Chachitatu ndi mtundu wa dothi. Mchenga umakumbika msanga koma suchedwa kuuma. Makande amasunga madzi koma amamata nthawi ya dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe. Katondo ali pakati pa ziwirizi. Chachinayi ndi chakudya, chifukwa wodya nkhono ayenera kukhala kumene kuli nkhono, ndipo wolera ana ake m'chisa cha nyerere sangatalikirane nazo.

Pamwamba pa zinayizi pali china chimene chimalamula ngati mtundu ungabwerere pamalo pamene unachotsedwa, ndicho mapiko. Mu 1943 Philip Darlington wa ku Harvard, mu America, analemba za akafadala a m'mapiri ndi a pazilumba, naonetsa kuti okhala m'mbali mwa madzi a m'zigwa ambiri ali ndi mapiko oulukira, pamene a m'mapiri ambiri alibe. Chifukwa chake chili chomveka. Malo osinthasintha, monga gombe limene limamira chaka china ndi kuuma chaka china, amafuna kachilombo kotha kusamuka. Koma m'nkhalango yakale, mmene zinthu zimakhala chimodzimodzi kwa mibadwo yambiri, mapiko ndi katundu wodya mphamvu pachabe, ndipo mphamvuyo imapindula ikalowa m'mazira. Pambuyo pake Piet den Boer, amene anatchera misampha m'malo omwewo kwa zaka zoposa 20 ku Wijster m'dziko la Netherlands, anaonetsa kuti timagulu ta akafadala timatha pamalo kawirikawiri, ndi kuti mtundu umakhalapobe pokhapokha ngati ena angachokere kwina kudzayambanso. Osauluka ndiwo amayamba kusowa pamene thengo ladukaduka.

Dziko la Mangochi lili loyenera kuphunzirirapo zimenezi, popeza malo osiyanasiyana ali pafupipafupi. Madzi a Nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Phiri la Mangochi ili pa mamita 1,742. M'chigwa mumatentha kwambiri ndipo mvula ndi yochepa, koma kumapiri kumazizirira ndipo mvula imachuluka. Munthu wochokera kugombe kukwera kumtunda amadutsa mchenga, bango, madambo, minda, thengo louma la m'chigwa, miombo, ndipo potsiriza amafika m'nkhalango yosagwa masamba. Malowa alongosoledwa muno mwa ndondomeko yomweyo.

PAMCHENGA WA M'MBALI MWA NYANJA

Pamchenga wa ku Chembe, ku Nkhudzi, ku Malindi kapena ku Makanjira, pamene palibe anthu ambiri, masana pamaoneka tizilombo tooneka ngati ntchentche zazikulu, timene timathamanga, kuima, kuthamanganso, ndipo munthu akayandikira timauluka pang'ono ndi kutera patsogolo. Awa ndi akafadala a maso aakulu a fuko la Lophyra ndi abale awo. Kwa nthawi yaitali anawerengedwa m'gulu la Carabidae, koma kuyambira 2020 akatswiri ambiri amawaika m'gulu lawolawo lotchedwa Cicindelidae. Amasaka ndi maso, chotero amafuna malo oyera opanda udzu. Mphutsi yawo imakumba dzenje loongoka, nitseka pakhomo ndi mutu wake wophwatalala, kudikira nyerere kapena ntchentche yodutsa. Pamene pamakokedwa mabwato tsiku ndi tsiku, ndi pamene pali mathandala oyanikapo usipa, maenje otere amapondedwa, ndipo akafadalawo amasamukira kumbali kosapitapita anthu.

Mumchenga wonyowa ndi m'dothi lofewa muli a fuko la Scarites, akuda bii, a chiuno chopyapyala ndi miyendo yakutsogolo ya mano monga khasu lokumbira. Iwo amakhala m'una masana natuluka usiku. Pamatope a m'mphepete mwenimweni mwa madzi pamathamanganso tiakafadala tating'ono kwambiri, tina tosaposa njere ya mawere.

Gombe si malo okhazikika. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi a m'nyanja anatsika kotero kuti mtsinje wa Shire unatsekeka pamene umatulukira, koma mu 1980 anakwera kwambiri, ndipo mu 2024 anakweranso namiza magombe ambiri a ku Mangochi. Ndiponso chaka chilichonse mafunde a mwera amasuntha mchenga. Nchifukwa chake ambiri a pagombe ali ndi mapiko, ndipo gombe latsopano likaoneka sapita nthawi asanafikepo.

M'BANGO NDI M'MADAMBO

Kuseri kwa mchenga, m'mbali mwa Shire ndi pozungulira Nyanja ya Malombe, kuli bango, gumbwa ndi madambo a dothi lakuda. Muno ndimo mokhala a fuko la Chlaenius, ambiri a iwo obiriwira monyezimira, ena a madontho achikasu kumsana, amene akagwidwa amasiya fungo loipa m'manja. Amadya mphutsi, nyongolotsi ndi tizilombo tofewa ta m'matope.

Odabwitsa koposa m'malo amenewa ndi a mafuko a Brachinus ndi Pheropsophus, amene amabisala ambiri pamodzi pansi pa zikuni ndi zinyalala zonyowa. Akagwidwa amaphulitsa kautsi kuchokera kumbuyo, ndipo kamvekedwe kake kamamveka ndithu. M'mimba mwawo muli matumba osungira mankhwala awiri, hydroquinone ndi hydrogen peroxide. Mdani akafika, mankhwalawo amakankhidwira m'kachipinda kolimba mmene muli zina zowafulumizitsa, ndipo amawira pomwepo ndi kutuluka ali otentha pafupifupi madigiri 100, monga madzi owira pamoto. Thomas Eisner wa ku Cornell, mu America, anaonetsa kuti kafadalayu amatha kuloza utsiwo pamalo penipeni pamene walumidwa. Pachala pamatsala banga lofiirira la masiku angapo. Mitundu ya Pheropsophus imene inafufuzidwa ku Asia ndi ku America inapezeka kuti mphutsi zake zimakula ndi mazira a kachilombo konga nkhululu kamene kamakumba m'matope ndi miyendo yonga manja a mfuko. Apa zikuoneka mmene chakudya cha mwana chimamangirira fuko lonse kudambo.

Madzi akasefukira, okhala m'dambo amakwera paudzu kapena kuulukira kumtunda, ndipo ndiwo ambiri a aja amene amagwera panyale usiku wa dzinja. M'chilimwe makande akang'ambika, amalowa m'ming'alumo mmene chinyezi chimatsalira.

PAUDZU NDI M'MINDA

M'chigwa cha pakati pa nyanja ndi mapiri, mmene muli migwalangwa, milambe, nsangu ndi udzu, malo ambiri anasanduka minda. Munda umasokonezedwa chaka ndi chaka: umalimidwa, umapaliridwa, umakololedwa, ndipo nthawi zina umatenthedwa. Chotero umafanana ndi gombe pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti okhalamo ambiri ndi ouluka, a msinkhu wochepa kapena wapakati, oswana msanga. Pakati pawo pali a fuko la Harpalus ndi abale awo, amene amadya tizilombo ndiponso njere za udzu ndi zomera zina zosafunika m'munda.

Bwenzi lalikulu la mlimi ndi wa fuko la Calosoma, wamkulu ndi wa mapewa otambalala, amene amadya mbozi, iye ndi mphutsi yake yomwe. Amakwera zomera posaka, amauluka bwino, ndipo amachuluka pamene mbozi zachuluka. Ntchembere zandonda, pamodzi ndi zachilendo zija zimene zinachokera ku America ndi kufika mu Africa mu 2016, zikakhwima zimatsikira m'dothi kukagona, ndipo pomwepo zimakumana ndi osaka pansi. Sikuti akafadala okha angathetse mliri wa mbozi ayi, koma amachepetsako popanda malipiro. Mankhwala ophera mbozi akathiridwa mosasamala amapha mdani ndi bwenzi lomwe, ndipo kawirikawiri mbozi ndizo zimayamba kubwerera. Munda wophimbidwa ndi mapesi, wokhala ndi milambala ya udzu ndi mitengo ya nsangu, umapatsa akafadala pobisala, ndipo amachokera pamenepo kukasaka m'mizere.

Paudzu wa patalipatali wa pamchenga pamayenda masana a fuko la Graphipterus, ozungulira thupi, otuwa kapena ofiirira, a mawanga onga nsalu. Mphutsi zawo zimakulira m'zisa za nyerere ndi kudya ana a nyererezo. Enanso odalira nyerere ndi a fuko la Paussus, a nyanga zonenepa ngati zibonga. Iwo amatulutsa timadzi timene nyerere zimanyambita, ndipo potero amaloledwa kukhala m'chisa ngakhale akudya ana a eni nyumba.

M'THENGO LOUMA LA M'CHIGWA

Pamene minda yalekeza pamayamba thengo la mitengo yotalikirana, la minga ndi milambe, ndipo kum'mwera, cha ku Malombe ndi ku Liwonde, kuli nkhalango za tsanya. Kuno nkotentha, ndipo pansi pamakhala poyera m'malo ambiri. Mfumu ya malo otere ndi wa fuko la Anthia, wakuda, wa madontho kapena mizere yoyera kapena yachikasu, amene ena a iwo amafika masentimita 5 m'litali. Sauluka konse, pakuti mapiko ake olimba anamatana ndipo pansi pake palibe ena. Amayenda poyera mosaopa, chifukwa chida chake nchoopsa: akaputidwa amakweza kumbuyo nawaza asidi wonga wa nyerere zina, amene amafika kutali pafupifupi masentimita 30. Asidiyo akalowa m'diso amawawa kwambiri, ndipo m'Chiafrikaans dzina la kachilomboka ndi oogpister, ndiye kuti wokodzera m'maso. Wowazidwa ayenera kutsuka diso msanga ndi madzi ambiri oyera, ndipo ululu ukapitirira apite kuchipatala.

Mawanga ake ndi chenjezo kwa mbalame ndi nyama. Mu 1977 Raymond Huey ndi Eric Pianka anafalitsa zimene anaona m'chipululu cha Kalahari, kuti ana a buluzi wina amabadwa akuda ndi madontho oyera, nayenda mokhwimitsa miyendo ndi kukweza msana monga Anthia, kuti adani awaope. Buluziyo akakula amasintha mtundu ndi mayendedwe omwe.

M'MIOMBO NDI PAMWAMBA PA PHIRI

Mapiri a ku Nankumba, a Phirilongwe ndi a Namizimu ndi a miombo, pamodzi ndi misuku ndi mitengo ina yotsagana nayo. Miombo imagwetsa masamba m'chilimwe, niphuka ena ofiira mvula isanagwe. Masamba akugwawo, pamodzi ndi nthambi zowola ndi miyala ya m'mapirimo, amasunga chinyezi ndi kudyetsa chiswe, abongololo ndi nkhono, ndipo izi ndizo zimadyetsa akafadala. Muno muli abale a Anthia ochepa thupi a fuko la Cypholoba, a timaenje kumsana, ndiponso wa fuko la Tefflus, wamkulu, wakuda kapena wa mtundu wonga wa nyimbiri m'mbali, wa mizere yozama kumsana. Tefflus amayenda mofatsa nthawi ya dzinja, sauluka, ndipo chakudya chake chachikulu ndi nkhono, zimene amalowetsa mutu m'chigoba chake ndi kuzidya. M'zaka za m'ma 1950 akafadala a fukoli anatengedwa kum'mawa kwa Africa kupita nawo kuzilumba za Hawaii kuti akadye nkhono zazikulu za kuno zimene zinali kuwononga mbewu kumeneko, koma nkhonozo sizinathe.

Pamwamba pa Phiri la Mangochi pali nkhalango yaing'ono ya mitengo yosagwa masamba, mmene dothi limakhala lonyowa ndi lozizira nthawi yaitali. Nkhalango zotere m'mapiri a mu Africa zimasunga akafadala ang'onoang'ono akuda a m'masamba owola, ambiri osauluka, ndipo mitundu ina imapezeka paphiri limodzi lokha. Kwa kachilombo kosauluka kokonda chinyezi, chigwa chotentha chozungulira phiri chili monga madzi ozungulira chilumba cha Boadzulu kapena cha Mumbo. Sikangaoloke, ndipo nkhalangoyo ikatha, iko kamathera pomwepo.

MOTO NDI NKHWANGWA

Zinthu ziwiri ndizo zasintha kwambiri malo a akafadala m'dziko la Mangochi. Choyamba ndi moto. Mu 1933 ku Ndola, m'dziko limene tsopano ndi Zambia, kunayambika ntchito yoyesa moto m'miombo, ndipo Colin Trapnell anafalitsa zotsatira zake mu 1959. Malo otenthedwa mochedwa chaka ndi chaka, udzu utauma kotheratu, anataya miombo yake nasanduka a udzu ndi mitengo yochepa yopirira moto, pamene malo otenthedwa msanga mvula itangotha anasunga mitengo yake. Kwa akafadala kusiyanaku nkwakukulu. Moto wa mu Meyi kapena mu Juni umadutsa mopepuka ndi kusiya zigawo zosapsa. Moto wa mu Okutobala, monga uja woyatsidwa ndi osaka mbewa, umanyeketsa masamba onse ndi zikuni zomwe. Kafadala wobisala m'dothi angapulumuke tsiku la moto, koma potuluka amapeza lupsa lopanda mthunzi ndi lopanda nkhono.

Chachiwiri ndi nkhwangwa. Nkhuni zowambira nsomba, zowotchera njerwa ndi zotenthera makala, pamodzi ndi minda yatsopano ya m'mapiri, zadula thengo m'zigawozigawo. Mitengo ikachoka, dzuwa limafika pansi, dothi limauma, ndipo osauluka a m'nkhalango amachepa pamene ouluka a m'minda akulowa m'malo mwawo. Chotero munthu wowerenga akafadala pamalo odulidwa angapeze ambiri ndithu, nayesa kuti palibe chatayika, koma akayang'anitsitsa adzaona kuti ndi aja opezeka m'munda uliwonse. Mitengo ingabzalidwenso, ndipo zitsa za miombo zimaphukira zikasiyidwa, koma Tefflus ayenera kubwera wapansi kuchokera kunkhalango ina, ndipo ngati pakati pali minda yaitali ndi misewu, sadzafika.

Pachifukwa chimenechi malo otetezedwa ali ngati nkhokwe ya mbewu. Nkhalango za boma za Mangochi, Namizimu ndi Phirilongwe zinakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1920. Malo osungira nyama a Liwonde anakhazikitsidwa mu 1973, ndipo a Lake Malawi National Park mu 1980, amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Mu 2018 nkhalango ya Mangochi inaikidwa m'manja mwa bungwe la African Parks. Koma timalo tating'ono ta m'midzi natonso tili ndi ntchito yake. Mitengo ya kumanda, mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi nkhalango za m'midzi ndizo miyala yopondapo imene osauluka angaolokerepo.

NTCHITO YA MPHUNZITSI

Zonsezi mwana angazione yekha popanda kugula kanthu. Njira yake inafalitsidwa ndi Herbert Barber wa ku America mu 1931, ndipo ikugwiritsidwabe ntchito. Mphunzitsi asankhe malo atatu kapena anayi oyandikira sukulu, monga munda, dambo, udzu wosalimidwa ndi nkhalango ya mudzi, atapempha chilolezo kwa eni ake. Pamalo aliwonse akwirire zitini 5 zosalala m'kati, motalikirana mapazi 10, mlomo wa chitini ulingane ndi nthaka. Pansi pa chitini aboole timabowo kuti madzi a mvula azituluka, ndipo pamwamba aikepo mwala wophwatalala wokhazikidwa patimiyala, kuti pakhale mpata wolowera. Zitini zonse zitcheredwe tsiku limodzi, zionedwe m'mawa uliwonse kwa sabata imodzi, ndipo nthawi yabwino ndi kuyambira Disembala kufikira Febuluwale.

Ana alembe tsiku, malo, mtundu wa dothi, kuchuluka kwa mthunzi, ndi chiwerengero cha akafadala a maonekedwe aliwonse. Ajambule aliyense, ayese kutalika kwake, kenaka amumasule pamalo pomwepo. Sabata ikatha zitini zichotsedwe ndi maenje akwiriridwe. Mphunzitsi awakumbutse kuti chitini chimagwira oyendayenda koposa okhala chete, chotero chiwerengerocho chimaonetsa mayendedwe pamodzi ndi kuchuluka. Awachenjezenso kuti m'chitini mungagwere chinkhanira kapena namkalizi, kotero asapisemo dzanja, ndipo asayandikize nkhope kwa Anthia. Charles Darwin, ali mnyamata ku Cambridge, anaika kafadala m'kamwa kuti dzanja lake ligwire wina, ndipo kafadalayo anamuotcha lilime ndi madzi ake. M'malo osungira nyama ndi m'nkhalango za boma saloledwa kutchera kanthu popanda chilolezo cha akuluakulu a malowo. Ntchito imeneyi imafuna kufatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbali yotsiriza ya ntchitoyi ndi ya chilankhulo. Ku Mangochi kumalankhulidwa Chiyao ndi Chinyanja, ndipo maina a tizilombo amasiyana mudzi ndi mudzi. Mabuku otanthauzira mawu, monga la David Clement Scott la Chimang'anja la mu 1892 ndi la Meredith Sanderson la Chiyao la mu 1954, anasunga mawu ambiri, ndipo Brian Morris m'buku lake la mu 2004 lotchedwa Insects and Human Life analemba za tizilombo ta m'Malawi ndi maina ake. Koma buku silingalowe m'malo mwa nkhalamba imene yalima ndi kusaka pamalo amodzi moyo wake wonse. Ana atenge zojambula zawo kunka nazo kwa agogo awo, afunse dzina la kachilombo kalikonse, tanthauzo la dzinalo, kumene kamapezeka, nyengo yake, ndiponso ngati kakuonekabe monga kale. Mayankho alembedwe pamodzi ndi dzina la mudzi ndi chilankhulo chake.

Dzina la kachilombo limakhala pakamwa pa anthu nthawi imene kachilomboko kakuoneka. Kakasowa m'thengo, ana saona chifukwa chofunsira dzina lake, ndipo m'badwo umodzi ukadutsa dzinalo limaiwalika. Sukulu imene isunga buku lotere chaka ndi chaka idzakhala ndi mbiri ya thengo la kwawo ndiponso ya mawu a kwawo, ndipo mphunzitsi wobwera pambuyo adzatha kuyerekeza zimene apeza ndi zimene anapeza amene anamutsogolera.